Achifwamba a pa njira ya ku Halale

Adzukulu anga, inu msewu wa ku Mwanza mumaudziwa muli pampando wa basi, koma makolo athu, msonkho wa atsamunda utawathamangitsira ku Salisbury, komwe ife tinkati ku Halale, ankauyenda ndi mapazi. Pobwerera ankadzera ku Mtoko, kuoloka Zambezi pa Tete, n'kukwera zitunda mpaka ku Zobue, m'chilimwe muja mitengo itayoyola masamba, kamba wawo ali ufa pang'ono, chimanga chokazinga ndi chiponde. Popita ankaopa mikango. Pobwera, atasenza mabulangete ndi nsalu za amayi akunyumba, ndalama atazisokera m'lamba, ankaopa anthu anzawo. N'chifukwa chake ankadikirana kuti anyamuke gulu, pajatu kuyenda awiri si mantha, ndipo pogona mmodzi ankakhala maso akusonkhezera moto.

Kumudzi kuno tinkasiyanitsa bwino. Wapaulendo njala ikamupweteka, n'kuzula chinangwa m'munda mwa eni, n'kudyera pomwepo makoko n'kuwasiya poonekera, palibe ankamutcha mbava. Mlendo ndi mame. Woba nkhuku usiku ankamutengera kubwalo kwa amfumu, n'kulipa, manyazi n'kumutsata mpaka kumanda. Koma wobisala patchire ndi chibonga, kudikira munthu wotopa amene wagwira ntchito zaka kwa azungu, ameneyo ndiye chifwamba, ndipo dzina lake ankalitchula monong'ona.

M'chaka cha 1930 Boma la ku Zomba linayamba kugwiritsa ntchito buku lake la milandu, Penal Code, lomwe makhoti athu akutsegulabe mpaka lero, ndipo ine ndimaona kuti pankhani iyi linalemba zomwe agogo ankazidziwa kale. Gawo 300 limati kuba moopseza ndi pamene munthu waba kanthu, ndipo pa nthawi yakubayo, kapena atangotsala pang'ono kuba, kapena atangoba kumene, wachita nkhanza kapena waopseza kuti achita nkhanza kwa munthu kapena katundu, pofuna kutenga chinthucho, kuchisunga, kapena kugonjetsa womuletsa. Kukula kwa chinthu sikuwerengedwa ayi. Ngakhale kathumba ka mchere, ukakalanda utaloza mwini wake mpeni, mlandu ndi womwewo.

Gawo 301 ndilo la chilango: zaka mpaka 14. Koma ngati wakubayo anali ndi chida choopsa, kapena anali ndi mnzake ngakhale mmodzi, kapena anamenya ndi kuvulaza munthu, lamulo limafika mpaka pa kukhala m'ndende moyo wonse, ngakhale imfa imene.

Mawu aja akuti "atangoba kumene" muwamvetse, ana inu, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Mnyamata amamasula mbuzi m'khola mwakachetechete, mwini wake n'kudzuka, n'kumuthamangira, iye n'kutembenuka atakweza chikwanje kuti mbuziyo isamuchoke. Analowa m'kholamo ali mbava wamba, koma kukhoti akamuwerengera gawo 301.