Nkhondo ya America: kodi ankamenyera ufulu wanji?

Mpaka lero kumwera kwa dziko la America kuli anthu amene amalimbikira kuti nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inabuka chifukwa makolo awo ankateteza ufulu wa zigawo wodzilamulira, ati ukapolo inali nkhani yapambali. Koma zikalata zimene makolowo analemba ndi manja awo zikunena zina.

Anthu ogwidwa ku Africa oyamba kufika ku Virginia anatsitsidwa kumeneko mu 1619. Makina ochotsa njere za thonje atabwera mu 1793, minda inakula, ndipo pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni.

Abraham Lincoln atapambana chisankho cha mtsogoleri wa dziko mu Novembala 1860, chigawo cha South Carolina chinadzipatula pa 20 Disembala. Dandaulo lalikulu m'chikalata chake linali lakuti zigawo za kumpoto zikukana kubweza akapolo othawa. Apa pakuoneka poyera kuti ufulu wa zigawo ankaufuna ukakhala wawo, ukakhala wa anzawo ayi. Zigawo zina za kumwera zitadzipatulanso, mu Malichi 1861 wachiwiri kwa mtsogoleri wa odzipatulawo, Alexander Stephens, anauza khamu ku Savannah kuti maziko a boma lawo ndi akuti munthu wakuda si wofanana ndi mzungu.

Odzipatulawo atagonja mu 1865, nkhani inayamba kukonzedwanso. Mabuku a sukulu anafewetsa za ukapolo, ndipo ziboliboli za asilikali awo zinadzaza m'matauni pakati pa 1900 ndi 1920, nthawi yomwe anthu akuda ankaletsedwa kuvota. Cholakwika chinagona apa: pofuna kuti azungu a mbali ziwirizi agwirizanenso, mawu a omwe anali akapolo anakankhidwira kumbali.

Bodzali linaonetsa ululu wake mu Juni 2015. Lachitatu lina madzulo, mnyamata wachizungu analowa m'tchalitchi cha anthu akuda ku Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Anamulandira, nakhala nawo pophunzira Baibulo, kenako anatulutsa mfuti n'kupha anthu 9, kuphatikizapo m'busa wawo. Zithunzi zake atanyamula mbendera ya odzipatula aja zitafalikira, aphungu a chigawocho anakangana mpaka usiku, ena akulira, ena akuti mbenderayo ndi chikumbutso cha makolo chabe. Pa 10 Julaye inatsitsidwa pabwalo la nyumba ya malamulo ku Columbia n'kupita kosungirako zinthu zakale. Inali itakwezedwa panyumbayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pomwe anthu akuda ankaguba m'misewu kufuna ufulu wovota.