Khichini ya ambuya inalibe bini

M'mashopu ena a m'mamolo a mu Lusaka muli mashelufu a zinthu zimene amati n'zosamalila cilengedwe: masupuni a nsungwi, matumba a nsalu, mabotolo a galasi osungilamo mpunga na nyemba. Mitengo yake ni ya anthu a malipilo abwino. Ukaziona ungaganize kuti khichini yosataya zinthu ni nzelu ya dzulo-dzuloli yocokela ku Ulaya. Koma mlendo weniweni kuno ni pulasitiki yogwilitsa nchito kamodzi n'kutaya. Inafala m'makomboni athu makolo a ambili a ife ali kale akulu-akulu.

Tiyambile pa dothi. Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka kuli malo ochedwa Kapwirimbwe, kumene David Phillipson, katswili wofukula zinthu zakale, anapeza mapale a miphika m'zaka za m'ma 1960. Mapalewo ni a zaka pafupifupi 1,500. Conco Cairo Road isanalotedwe n'komwe, pamalo ano panali kale anthu oumba, ophika na osula zitsulo. Kuyambila ca m'ma 1000 kunafala kaumbidwe kena kamene akatswili anakacha ka Luangwa, ndipo ndiko kamene azimai a Cicewa, Cinsenga na mitundu ina yambili akhala akutsatila mpaka lelo. Mbiya iliyonse inali na nchito yake. Nkhali ni ya nsima na moŵa, kamphika ni ka ndiwo, mtsuko ni wa madzi. Mtsuko umatuluka thukuta pang'ono-pang'ono kupyola m'dothi lake, ndipo thukutalo likamauma madzi a mkati amazizila. Fuliji imeneyo sidziŵa kuti magetsi apita.

Mbiya ikasweka, nkhani siinali kuthela pamenepo. Phale lalikulu linali kukazingila nshawa na cimanga, lina kumwela nkhuku, lina kutengela moto kwa aneba. Lotsala linali kubwelela ku dothi kumene linacokela.

Zina zonse zinali kumela. Cipanda cosungilamo thobwa kapena munkoyo, na cikho comwela, ni zipatso za m'munda zoumitsidwa. Licelo na dengu ni nsungwi. Mthiko, cipande, mtondo na munsi ni mtengo. Cinkhupule cotsukila cimayanga pa mpanda. Poto wakuda anali kuyela na phulusa na mcenga, ndipo phulusa lomwelo, maka-maka la zitsononkho kapena makoko a nshawa, akalithila madzi n'kuliceza linali kutulutsa cidulo cofeŵetsa ndiwo. Koma cinthu cimene ine nimaciona kuti cinali ca nzelu kopambana ni cikwatu. M'dzinja ndiwo zamasamba zikaculuka, azimai anali kufutsa masamba a khobwe kapena cibwabwa, kuyanika padzuŵa, kenako kukulunga mfutsowo m'masamba akulu a mtengo monga a msuku, n'kumanga na luzi kukhala cimpila. Anali kucipacika ku denga la khichini kumene utsi unali kuthamangitsa tuzilombo. Mu Okutobala, dziko litauma gwa, banja linali kudya ndiwo za mu Febuluwale. Paketi yake ikatha nchito inali kupita pamoto kapena kumunda. Nsima yotsala inali mkute wa m'maŵa, gaga anali wa nkhuku na nkhumba. Bini ikanagwila nchito yanji pa nyumba yotelo?

Zinthu zogula zinabwela na masitolo. Makampani monga African Lakes Corporation, imene anthu anali kuichula kuti Mandala, komanso amwenye amene anatsegula mashopu ku Fort Jameson, kumene lomba ni Chipata, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, anabweletsa mapoto a citsulo, mbale za enamelo na makapu. Amuna ocokela ku migodi ya ku Kabwe, Kitwe kapena Wankie anali kubwela nazo kumudzi monga umboni wakuti anagwiladi nchito. Izi zinali zolimba. Poto imodzi inali kukalamba pamodzi na mwini wake, ndipo ikabooka panali munthu woiziba. Mbaula ya m'tauni nayonso inabadwa ku zitsulo zotayidwa, mwacitsanzo zidutswa za madilamu.

Ndiyeno kunabwela zaka zimene makolo athu sakonda kuzikumbukila. Mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, ndalama zakunja zinasoŵa, ndipo m'ma 1980 mashopu a boma monga ZCBC, NHS na Mwaiseni anali kudziŵika na mizele. Anthu anali kuima kuyambila mbandakuca kuyembekezela saladi, shuga, sopo kapena buledi. Mu Disembala 1986 ku Copperbelt kunabuka cipolowe cifukwa ca mtengo wa unga, ndipo mu Juni 1990 cinabukanso mu Lusaka. M'nthawi imeneyo palibe cimene cinali kutayidwa. Citini ca mkaka cinali kukhala kapu kapena koloboi. Saka ya unga inali kukhala cikwama, mphasa, ngakhale keteni. Mabotolo a moŵa na a zakumwa anali a galasi obweza: upeleke botolo lopanda kanthu, ndiye akupatse lodzala, ndipo ku Kapiri Mposhi kunali fakitale yopanga mabotolo. Pepala ya pulasitiki ikapezeka m'nyumba, amai anali kuicapa n'kuiyanika pa waya pamodzi na malaya.

Apa tisanamizane. Uku sikunali kukonda cilengedwe, kunali kusoŵa. Ndipo khichini ya ambuya ija inali kuima pa msana wa mkazi: kukumba dothi, kusinja, kupeta, kusenza mtsuko wolemela kucokela ku citsime. Amene anafikilapo cidebe ca pulasitiki, copepuka komanso cosasweka, anali na cifukwa comveka cocikondela.

Pulasitiki ya matumba inapangidwa kutali. Polyethylene, mtundu umene matumbawa amapangidwa nawo, anaupeza mwangozi mu 1933 pa fakitale ya ICI ku Northwich m'dziko la England. Thumba la zogwilila ziŵili limene timalidziŵa linakonzedwa na injiniya wa ku Sweden, Sten Gustaf Thulin, ndipo kampani ya Celloplast inalembetsa umwini wake mu 1965. Ku Zambia khomo linatseguka pambuyo pa masankho a 1991, pamene boma la Frederick Chiluba linamasula malonda na kugulitsa makampani a boma. Shoprite inatsegula shopu yake yoyamba mu Cairo Road mu 1995, ndipo Manda Hill inatsatila mu 1999. Fakitale ya galasi ya ku Kapiri inagwa m'zaka zomwezo. Mizele inatha, mashelufu anadzala, ndipo pa tilu anali kukupatsa pulasitiki mahala, imodzi ya buledi, ina ya sopo, ina ya nyama. Kuyenda na pulasitiki ya shopu yochuka mu komboni kunali ngati kuvala nsapato zatsopano.

Koma mapulasitiki ambili a mu komboni sacokela ku molo. Amacokela pa kantemba. Munthu wolandila ndalama ya tsiku na tsiku sangagule saka ya makilogilamu 25, amagula pamela. Sangagule botolo lonse la saladi, amagula wa cakudya cimodzi womangidwa m'kapepala. Shuga, mcele, kapenta, sopo wa ufa, malasha a madzulo amodzi, ciliconse cili na kapulasitiki kake. Ni njila imene inathandiza mabanja ambili kudya tsiku lililonse, ndipo wonyoza pamela sanagonepo na njala. Vuto ni lakuti tumapepala tumenetu ni tochepa thupi kwambili moti situngagwilenso nchito kaciŵili, ndipo otola zinyalala zogulitsa satufuna cifukwa tulibe kulemela. Tumathela mu mfolo. Tujilijili tunali mbali ya nkhani yomweyi: pamene nduna Nkandu Luo anatuletsa mu 2012 colinga cinali kuteteza acinyamata ku kacasu wochipa, koma amene anali kusesa m'misika amakumbukila mmene tumapaketi twake tunali kudzalila pansi.

Mfolo ukatsekeka, mvula ilibe kopita. Lusaka, maka-maka ku Kanyama na madela oyandikana nawo, ili pa mwala wa laimu ndipo madzi a pansi ali pafupi. Madzi akasefukila amaloŵa m'zimbudzi zokumba, n'kutuluka, n'kuloŵa m'zitsime zosazama. Pulasitiki siibweletsa kolela, koma imaitsegulila njila. Mlili umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo asilikali anatumidwa kukayeletsa m'tauni na kucotsa ogulitsa m'miseu. Mu Januwale 2024 sitediyamu ya Heroes inasanduka cipatala ca kolela. Maiko ena anakumana nazo kale: Bangladesh inaletsa matumba opyapyala mu 2002 itaona kuti anali kutseka ngalande pa nthawi ya kusefukila kwa madzi, Rwanda mu 2008, Kenya mu 2017.

Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2018, Statutory Instrument nambala 65, loyang'anilidwa na ZEMA. Linaletsa matumba a pulasitiki opyapyala kuposa mamaikiloni 30. Maikiloni imodzi ni gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kucokela apo mashopu akulu anayamba kulipilitsa matumba, ndipo ambili tinaphunzilanso kunyamula cikwama pocoka panyumba, cinthu cimene amai athu anali kucita na ukwa kapena citenge popanda lamulo lililonse. Ku molo lamulo linamveka. Pa kantemba na pa msika tumapepala topyapyala tukali kuuluka, cifukwa lamulo silinasinthe kukula kwa thumba la wogula.

Ndiye cifukwa cake ine sinikhulupilila kuti yankho lili pa shelufu ya nsungwi zocokela kunja, kapena kuti tonse tibwelele ku mtsuko. Pulasitiki ina ni bwenzi. Cigubu ca malita 20 ca pakamwa pang'ono, cokhala na citsekelo, cothilidwa Clorin, cimateteza madzi akumwa kuposa mtsuko wotseguka umene aliyense amaviikamo kapu na dzanja. Cimakhala zaka. Ndipo si zonse zakale zimene zili bwino: mbaula ni yopangidwa na zotayidwa, koma malasha ake akumaliza mitengo ya ku Chongwe na Mumbwa. Funso lofunika pa cinthu ciliconse ca m'khichini ni lakuti cidzagwila nchito kangati, ndipo cikatha cidzapita kuti.

Mukayenda mu Soweto Market mudzapeza kuti zambili za m'khichini ya ambuya sizinafe. Malicelo, mithiko, zipande na masefa zikali kugulitsidwa, pa mtengo wocepa kuposa supuni ya nsungwi ya ku molo, ndipo ndalamayo imapita kwa munthu wa ku Petauke kapena Katete amene analuka kapena kusema. Nyemba, nshawa na kapenta amapima na meda, imene nayonso ni cigubu cakale cimene cinapatsidwa nchito yaciŵili. Amai ogulitsa akamaliza kupima amatambasula dzanja kutenga kapulasitiki, koma mukawapatsa mbale kapena thumba lanu amathila mmenemo, ndipo mbasela amaikapo cimodzimodzi.