Kuchokera pa Bolodi Kufikira pa Mpando wa Mzinda

Kumapiri a Tsangano ndi Macanga ku Mozambique, kumene mbatata ya kachewere ndi fodya zimadyetsa mabanja, munthu woyamba kuimirira pamaso pa khamu popanda ufumu wobadwa nawo anali mphunzitsi. Ansembe a Chijezuwiti atakhazikika ku Lifidzi m'dera la Angónia, ndiponso boma la Apwitikizi litapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa Mpingo wa Katolika mwa pangano la 1940, mphunzitsi wa kumudzi anasenza akatundu ambiri, pakuti yemweyo anali katekisiti, mlembi wa makalata a opita ku Joni, ndi womasulira mawu a Mzungu kwa mfumu. Komatu ngakhale anthu ankamumvera, mpando wa ulamuliro sunali gawo lake.

Ufulu utadza mu 1975, boma linatenga sukulu zonse, ndipo pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaitana achinyamata a m'makalasi apamwamba kuti asiye zofuna zawo, ambiri a iwo akagwire choko. Mbadwo umenewo unamwa chikho chowawa, chifukwa nkhondo yapachiweniweni itayaka sukulu zinatenthedwa, aphunzitsi anasakidwa monga nkhope ya boma, ndipo anthu a m'malire anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira mtendere wa ku Roma mu 1992. Koma m'mera mpoyamba: iye amene anazolowera kuwerenga ana m'mawa uliwonse, kupempha malata kwa akuluakulu, ndi kuweruza makolo okangana, anali ataphunzira kale theka la ntchito yosunga mzinda.

Khomo linatseguka mu 1998, pamene mizinda ndi matauni 33, pakati pawo Tete ndi Moatize, anasankha mafumu awo a mzinda kwa nthawi yoyamba. Mwa aphunzitsi oyenda njira imeneyi, wodziwika koposa ndiye David Simango, amene anakulira m'ntchito ya maphunziro nayang'anira sukulu za mzinda wa Maputo, nakhala bwanamkubwa wa Niassa, kwa abale athu Anyanja, kuyambira mu 2000, nadzakhalanso nduna ya achinyamata ndi masewera mu 2005, kufikira anthu a ku Maputo anamsankha kukhala meya wawo mu Novembala 2008. Anamsankhanso mu 2013, atapikisana kolimba ndi Venâncio Mondlane, ndipo mu 2019 anasiyira mpando Eneas Comiche, yemwe anaukhalapo iye asanadze. Za ntchito zake aweruze eni mzindawo, amene adziwa misewu yawo ndi misika yawo. Ine chimene ndichiyesa chachikulu n'chakuti munthu wa choko anaima pamaso pa anthu kuwapempha voti, monga kale anapempha makolo kuti atumize ana kusukulu.

Mtima wanga, komabe, uli kumapiri kuja. Ulónguè unalandira ulemu wosankha meya mu 2008, Nhamayábuè mu 2013, Chitima mu 2023. Koma Furancungo, likulu la Macanga, ndi Tsangano, limene linapatulidwa ku Angónia mu 1986, akadalamulidwa ndi woyang'anira boma wochita kutumizidwa. Malamulo a 2018 analonjeza kuti maboma nawonso adzachita zisankho mu 2024, ndipo aphunzitsi a kumapiri kuja akadatha kuyesa mwayi wawo pakati pa ana amene anawaphunzitsa; koma mu 2023 nyumba ya malamulo inasintha ndimeyo, nichedwetsa zisankhozo popanda kutchula chaka.