Mafunso ndi Mayankho: Kodi mbendera tingaivale m'chiuno?

FUNSO: Ndine mayi wa kwa Mnkhanya, m'boma la Mambwe. Gulu lathu la amayi linagula zitenje zojambulidwa mbendera ya Zambia kuti tikavale pa chikondwerero cha ufulu. Tsono aphunzitsi ena opuma ntchito m'mudzi mwathu akuti tikulakwa, mbendera savala m'chiuno. Kodi lamuloli lilipodi? Nanga linachokera kuti?

YANKHO: Amayi, aphunzitsiwo sanangolota ayi, koma aphatikiza zinthu ziwiri. Pali mbendera yeniyeni, ija imakwezedwa pamtengo kusukulu, kupolisi ndi kubwalo la ndege la Mfuwe. Palinso nsalu wamba imene anthu a fakitale aijambula mitundu ya mbendera. Yoyambayo si chovala. Simungaitsitse pamtengo n'kuisoka diresi, kapena kuiyala pansi kuti muanikepo mpunga. Yachiwiriyo ndi chitenje basi, ngakhale kuti chanyamula chithunzi chofunika ulemu.

Mwambo wolemekeza mbendera unayambira kunkhondo. Kalelo ku Ulaya gulu lililonse la asilikali linkanyamula mbendera yake, kuti utsi wa mfuti ukachuluka aliyense adziwe kumene kuli anzake. Ikagwa pansi kapena kulandidwa ndi adani, chinali chamanyazi chachikulu. Panyanja, sitima yankhondo ikatsitsa mbendera ndiye kuti yagonja. Apa ndi pamene panachokera zoti mbendera isakhudze dothi, ikwezedwe m'mawa, itsitsidwe dzuwa likamalowa. Kwathu kuno zinabwera ndi atsamunda a ku Britain kudzera m'maofesi a boma, kupolisi ndi m'masukulu, ndipo aphunzitsi akale anazisunga kwambiri kuposa tonsefe.

Mbendera yathu inayamba kuuluka pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Northern Rhodesia inasanduka Zambia motsogozedwa ndi a Kenneth Kaunda. Anaijambula ndi mayi, a Gabriel Ellison. Mtundu wobiriwira ukuimira zomera ndi chuma chachilengedwe, wofiira nkhondo yomenyera ufulu, wakuda anthu a dziko lino, ndipo wa olenji ndi chuma cha m'migodi, makamaka mkuwa. Za mbalame ili pamwambayo sitingakuphunzitseni inu a m'chigwa, poti ndi nkhwazi yomwe ija imalira m'mbali mwa Luangwa ikusuzumira nsomba.

Lamulo lilipo, dzina lake National Flag and Armorial Ensigns Act. Limalanga munthu amene wachita, walankhula kapena walemba zinthu ndi cholinga chonyoza mbendera. Gwirani mawu akuti cholinga. Mayi amene wachapa chitenje chake, wachisita, wamanga bwino n'kupita kukavina pa tsiku la ufulu, wanyoza chiyani? Chipolopolo itamenya Ivory Coast pa mapenate, 8 kwa 7, ku Libreville pa 12 Febuluwale 2012, anthu anadzaza misewu atavala mitundu ya mbendera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kunali kunyadira dziko.

Mawu akuti "m'chiuno" ali ndi kwawo. Ku India lamulo linasinthidwa mu 2005 kuti anthu azitha kuvala chithunzi cha mbendera, koma osati kuyambira m'chiuno kupita m'munsi, osatinso pa zovala zam'kati, pa mapilo kapena pa mahanki. Ku America, malangizo a mbendera amene Congress inavomereza mu 1942 amati mbendera isakhale chovala kapena chofunda, komabe eni akewo amasoka makabudula osambira a nyenyezi ndi mizere. Amenewo ndi malamulo a eni ake, sanalembedwere Mambwe.

Ife nkhawa yathu ili pena. Vuto la chitenje si tsiku la chikondwerero, koma miyezi yotsatira. Chitenje cha mayi wa kumudzi sichipuma. Lero chili m'chiuno, mawa ndi mbereko, mkuja chayalidwa pansi pa maliro, kenako achipinda nkhata yosenzera ndowa kuchokera ku mjigo. Chikasuluka chimakhala thewera la mwana, ndipo pomaliza ndi chisanza chopukutira mapazi pakhomo. Kuberekera mwana m'mbendera sitikuonapo choipa, mwanayo ndi mwini dziko. Koma nkhwazi ikafika pa thewera kapena pa chopukutira matope, pamenepo tili kumbali ya aphunzitsi. Choncho valani, koma chitenjecho chikhale cha m'sutikesi, chotuluka pa masiku akuluakulu monga tsiku la ufulu kapena mwambo wa Malaila.

FUNSO: Ndine telala pa msika. Anthu amabwera ndi nsalu ya mbendera kuti ndiwasokere malaya. Ndisamale chiyani podula?

YANKHO: Achimwene, musanaike sizasi yang'anani nkhwazi. Mbendera ya Zambia ndi yosiyana ndi zambiri chifukwa zojambula zake zili kumapeto, kutali ndi mtengo: mizere itatu yoimirira, wofiira, wakuda ndi wa olenji, ili m'munsi, nkhwazi pamwamba pake. Mukatembenuza nsalu pofuna kuti isawonongeke yambiri, mbalameyo imazondoka, mutu pansi. Panyanja mbendera yozondoka inali chizindikiro chakuti sitima ili pa ngozi, ndipo mpaka lero anthu ochita zionetsero amaizondotsa dala posonyeza kukwiya. Kasitomala wanu angaoneke ngati ali ndi mlandu ndi boma, pomwe iye amangofuna kutchena.

Musaidulenso pakati nkhwaziyo, phiko lina kupita kumsana lina kutsala pa thumba. Malo ake abwino ndi pachifuwa, paphewa kapena kumsana. Pa buluku ndi pa siketi onetsetsani kuti isagwere pokhalira. Ngati nsalu yachepa, muuzeni mwini wake awonjezere mita ina, kapena musoke ndi chigawo chobiriwira chokhachokha, mizere ija muike m'khosi ndi m'mikono.