Ulendo wa Malamulo a ku Germany, Kuchoka pa Mwambo Kufika ku Karlsruhe

Cha m'ma 1220, mkulu wina wa ku Saxony dzina lake Eike von Repgow anayamba kulemba zinthu zimene anthu akwawo ankazidziwa kale pamtima: wolowa m'munda ndani bambo akamwalira, chiweto chikawononga mbewu za eni alipira ndani, mkazi wamasiye atsala ndi chiyani. Buku lakelo, Sachsenspiegel, linafala m'chiyankhulo cha anthu wamba. Pa nthawiyo Germany sinali dziko limodzi. Inali maufumu, mizinda yodzilamulira ndi madera a mabishopu, kulikonse ndi mwambo wakewake.

Mwambowo sunakhale wokha nthawi yaitali. Anyamata ankawoloka mapiri a Alps kupita ku Bologna kukaphunzira malamulo a Aroma, amene mfumu Justinian inasonkhanitsa cha m'ma 530, ndipo pobwerako mafumu ankawalimbirana kuti akhale alangizi. Mu 1495 kunakhazikitsidwa khoti lalikulu la ufumu wonse, Reichskammergericht, loweruza motsata malamulo a Aromawo. Mwambo wa m'dera linkaumvera ndithu, koma woudalira ankayenera kuupezera umboni, pamene lamulo la m'buku la Chilatini silinkafuna mboni. Ndimamumvera chisoni mlimi wa nthawi imeneyo: chimene agogo ake ankachidziwa popanda kufunsa chinasanduka chinthu choti loya achitsimikizire.

Pofika m'ma 1800 zinthu zinali pwirikiti. Prussia inali ndi buku lake la mu 1794 la ndime pafupifupi 19,000, madera a kumadzulo kwa mtsinje wa Rhine ankatsata malamulo a Napoleon a mu 1804, kwina akadali ndi a Aroma. Mu 1814 Anton Thibaut, mphunzitsi wa ku Heidelberg, anapempha buku limodzi la Ajeremani onse. Friedrich Carl von Savigny wa ku Berlin anakana, nati lamulo limakula mwa anthu monga chimakulira chiyankhulo chawo, ndipo nthawi yolilemba inali isanakwane. Mawu a Savigny ndiwo anapambana, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira ake anakhala akusanthula malamulo a Aroma mpaka kutulutsamo mfundo zolongosoka bwino. Dziko litagwirizana mu 1871, mfundo zimenezo ndi zomwe anamangira.

Komiti yolemba inayamba ntchito mu 1874. Zolemba zake zoyamba zitatuluka mu 1888 zinadzudzulidwa koopsa: Otto von Gierke anati nzachiroma kwambiri, Anton Menger anati zaiwala amphawi. Atazikonza, nyumba ya malamulo inavomereza mu 1896, ndipo pa 1 January 1900 buku la Bürgerliches Gesetzbuch, limene aliyense amangoti BGB, linayamba kugwira ntchito ndi ndime 2,385 m'magawo asanu.

Kuti muone mmene bukuli limaganizira, taimani pa kauntala ya wogulitsa buledi. Inu mukuona chinthu chimodzi, kugula. BGB ikuona zitatu. Choyamba ndi pangano la pa ndime 433, lakuti wina apereka buledi, wina ndalama. Chachiwiri ndi kusamutsa umwini wa buledi motsata ndime 929, ndipo chachitatu ndi kusamutsa umwini wa ndalama motsata ndime yomweyo. Pangano loyamba likapezeka kuti linali lolakwika, umwini subwerera wokha. Pali ndime zina zouitanitsira. Wophunzira wa chaka choyamba amatuluka nazo thukuta, koma kulongosoka kumeneku ndi kumene kunakopa Japan ndi Greece polemba malamulo awo. Loya wa ku Malawi, kumene malamulo a ku England analowa mu 1902, anazolowera kufunsa kuti makhoti anagamula zotani pa mlandu wofanana. Mnzake wa ku Germany amayamba ndi kufunsa kuti ndi ndime iti imene ikupatsa wodandaulayo chimene akufuna.

Koma buku lokongolali silinatchinjirize munthu chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933. Pano mpofunika kukhalitsa. Hitler sanafafanize BGB. Oweruza omwewo, ophunzira bwino, anatenga ndime zonena za makhalidwe abwino ndi kukhulupirika pa pangano, monga 138 ndi 242, nkuziwerenga ndi maso a chipani, mpaka Ayuda kulandidwa nyumba za lendi ndi ntchito mwa chigamulo cha khoti. Malamulo a ku Nuremberg a mu 1935 analetsa ukwati wa Myuda ndi Mjeremani wina. Khoti la ndale, Volksgerichtshof, linagamula kuti anthu oposa 5,000 aphedwe. Mmodzi wa iwo anali Sophie Scholl, mtsikana wa zaka 21 amene anagwidwa akumwaza timapepala totsutsa boma pa yunivesite ya Munich. Anaweruzidwa pa 22 February 1943 ndipo anaphedwa tsiku lomwelo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, Gustav Radbruch analemba kuti lamulo likafika pa nkhanza yosapiririka limasiya kukhala lamulo, ndipo woweruza sayenera kulitsata.

Malamulo oyendetsera dziko a pa 23 May 1949, Grundgesetz, analembedwa ku Bonn ndi anthu amene anaziona zimenezi. Ndime yoyamba yeniyeni inaika ulemu wa munthu pamwamba pa boma, ndime 79 inaletsa kusintha mfundo imeneyo ngakhale aphungu atachuluka bwanji, ndipo ndime 102 inathetsa chilango cha imfa. Elisabeth Selbert anamenyera nkhondo mawu akuti mwamuna ndi mkazi ali ndi ufulu wofanana, ndipo zimenezi zinakakamiza kuti gawo la BGB lonena za banja lilembedwenso. Mu 1951 khoti loteteza malamulowa linatsegulidwa ku Karlsruhe. Lero lili ndi oweruza 16, ndipo munthu wamba akhoza kukadandaulako makhoti ena akamukanika.

Mlandu umene ndimautenga kukhala wofunika koposa ndi wa mu 1958. Erich Lüth wa ku Hamburg anauza anthu kuti anyanyale filimu yatsopano ya Veit Harlan, yemwe anapanga filimu yonyoza Ayuda m'nthawi ya Nazi. Khoti la ku Hamburg linamuletsa Lüth potsata BGB. Karlsruhe inati ayi: ndime za BGB ziwerengedwe mogwirizana ndi ufulu wa munthu, kuphatikizapo ufulu woyankhula. Khomo lomwe oweruza a Nazi analowetsera chidani linakhala lolowera ufulu. Zonsezi zinali kumadzulo, pakuti nkhondo itatha dziko linagawanika pawiri. East Germany inayenda njira yake, ndi buku lake kuyambira 1976, mpaka mayiko awiriwa atagwirizana pa 3 October 1990.

Wofufuza lamulo la ku Germany lero amayenda m'mapazi a mbiri yomweyi. Amayamba ndi ndime, imene boma limasindikiza mu Bundesgesetzblatt ndi kuiika pa intaneti kwaulere. Amafunsa khoti loyenera, pakuti makhoti aakulu alipo asanu: milandu wamba ku Karlsruhe, ya boma ku Leipzig, ya ntchito ku Erfurt, ya chisamaliro cha anthu ku Kassel, ya misonkho ku Munich. Zigamulo amazipeza ndi nambala ya fayilo kapena voliyumu ndi tsamba, osati ndi mayina a otsutsana. Cha Lüth chili mu BVerfGE 7, tsamba 198. Pakati pa ndime ndi zigamulo pali mabuku ofotokozera, otenga ndime imodzi ndi imodzi nkusonkhanitsa pansi pake zonse zimene makhoti ndi akatswiri ananena. Lotchuka kwambiri, lonenepa ndi lodzaza zidule za mawu, linkatchedwa Palandt kuyambira m'nthawi ya Nazi, dzina la mkulu amene ankayang'anira mayeso a maloya m'boma la Hitler. Ophunzira ndi maloya atadandaula kwa zaka zingapo, osindikiza ake, C.H. Beck, analichotsa dzinalo mu 2021, ndipo bukuli tsopano limatchedwa Grüneberg.