Mbewu za makolo m'boma la Phalombe

Mbewu za makolo ndi mitundu ya mbewu imene alimi amasankha ndi kusunga okha chaka ndi chaka, n'kumapatsirana m'banja ndi m'mudzi osagula kusitolo. M'boma la Phalombe, lomwe lili m'chigawo cha kumwera kwa Malawi ndipo linapatuka ku boma la Mulanje mu 1998, mbewuzi zimalimidwabe pamodzi ndi zamakono. Anthu ambiri a m'bomali ndi Alomwe, amene makolo awo anachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Mitundu yake

Zina mwa mbewuzi n'zochokera mu Africa momwemuno, monga mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Zina zinabwera kuchokera kutali koma zinakhazikika kalekale. Chimanga, maungu ndi chinangwa kwawo ndi ku America, pamene nandolo kwawo ndi ku India.

Chimanga cha makolo chimadziwika ndi njere zolimba. Nandolo amalimidwa kwambiri m'bomali, ndipo mtundu wina wotchuka ndi Mthawajuni, umene dzina lake limanena za kucha msanga, kuzizira kwa mwezi wa Juni kusanafike. Kalongonda ndi nyemba zimene anthu ambiri m'dziko muno amazidziwa ngati chakudya cha Alomwe. Palinso masamba monga nkhwani, chitambe, bonongwe, chisoso, luni ndi denje. Ena mwa masambawa amamera okha m'munda, ndipo wopalira wodziwa amawasiya dala.

Kalimidwe

Minda yambiri ku Phalombe ndi yaing'ono chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, choncho alimi amadzala mwakasakaniza. M'munda umodzi mumapezeka chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe, kwinaku mapira ali m'malire. Chimanga chikakololedwa, nandolo amatsala m'munda mpaka m'chilimwe. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, masamba ake akayoyoka amawonjezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake ikauma imakhala nkhuni.

Kusankha ndi kusunga mbewu

Ntchito imeneyi m'mabanja ambiri ili m'manja mwa amayi, ndipo ana amaiphunzira poona. Pokolola amapatula zisononkho zazikulu zodzaza bwino, n'kuzipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Poswa chimanga cha mbewu, ambiri amatenga njere zapakati n'kusiya zakumutu ndi zakunsonga. Khobwe, nzama ndi nandolo amazisakaniza ndi phulusa n'kuziika mumphika kapena m'chiguduli. Banja likasowa mbewu limapempha kwa abale, limasinthanitsa ndi mbewu ina, kapena limalandira ngati malipiro a ganyu.

Kukonza chakudya

Mbewu iliyonse ili ndi luso lake. Kalongonda ali ndi mphamvu imene imadwalitsa munthu akapanda kupsa bwino, motero amaphikidwa kwa maola ambiri ndipo madzi amatayidwa kangapo asanadyedwe. Masamba a m'dzinja amawafutsa, kutanthauza kuwawiritsa pang'ono n'kuwayanika, kuti pakhale mfutso wodya m'chilimwe. Kale mfutso unkasungidwa m'chikwatu, chomwe ndi phukusi la masamba a mtengo lomangidwa ndi luzi. Mawere ndi mapira amamereredwa kukhala chimera chophikira thobwa.

Mbewu za makolo ndi zamakono

Chimanga cha haibulidi chimabereka zambiri chikapatsidwa feteleza, ndipo mitundu yambiri imacha msanga. Koma mbewu yake imafunika kugula chaka chilichonse, chifukwa yobwereza imachepa zokolola. Cha makolo chimachedwa kucha ndipo chimabereka pang'ono, koma sichifumbwa msanga m'nkhokwe, ndipo pokonola sichiphwanyika kwambiri, motero mphale imatuluka yambiri, gaga wochepa. Pozindikira zimenezi, akatswiri a zaulimi m'dziko muno anatulutsa mu 1990 mitundu ya MH17 ndi MH18, ya haibulidi koma ya njere zolimbirapo. Ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, yomwe inayamba mu 2005, inafalitsa kwambiri mbewu zamakono m'midzi. Ngakhale zili choncho, mabanja ambiri amadzala mitundu yonse iwiri.

Zoopsa ndi kuteteza

Popeza mbewu ya makolo imakhala m'nyumba za anthu, ngozi imodzi ikhoza kuthetsa mtundu wonse m'mudzi. Phalombe inagwiridwa ndi napolo wochokera m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, komanso ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amene anakokolola nyumba ndi minda. Njala nayonso imachititsa mabanja kudya mbewu yomwe anasunga.

Pofuna kuti mitundu isatheretu, boma limasunga mbewu zosiyanasiyana za m'dziko muno kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze ku Lilongwe. Zakudya monga kalongonda zimaonetsedwanso pa mwambo wa chaka ndi chaka wa Mulhako wa Alhomwe, umene umachitikira pa Chonde m'boma loyandikana nalo la Mulanje.