Usiku Umodzi pa Nyika, ndi Amene Anagonapo Ife Tisanabwere

Bulangete langa linanyowa cha m'ma 4 koloko madzulo, tisanafike n'komwe pamalo ogona. Ndinali nditalimangirira pamwamba pa chikwama ngati mwana wa sekondale wopita ku holide, poganiza kuti kumapeto kwa Epulo mvula imakhala itatsanzika. Ku Lilongwe kwathu ndi choncho, koma osati pa Nyika. Nkhungu inangotulukira kuseri kwa chitunda, kenako kamvula kowaza kopanda phokoso, kaja kamakunamiza kuti sikanyowetsa mpaka utazindikira kuti ndi masokosi omwe ali chonyowa.

Tinalipo anayi: ine, mnzanga wa ku koleji, msilikali wa zanyama ndi mfuti yake, ndi bambo wina wachikulire amene anatinyamulira tenti ndi mapoto. Tinanyamuka pa Chelinda m'mawa pa ulendo wa masiku atatu wotsikira ku Livingstonia. Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo nsonga ya Nganda, yomwe ndi yayitali kuposa zonse kumeneko, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Nyanja ili m'munsimu sifika ngakhale mamita 500. Ukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye werengerani nokha. Onjezanipo mphepo yopanda mtengo woitchinga ndi jini yonyowa yomata pathupi. Thonje likanyowa silisunga kutentha, limachita kukuyamwa. Izi ndinaziphunzira usiku umenewo, mano akugundana.

Tulo titakana, ndinayamba kudzifunsa kuti ndani anagonapo pano kusanabwere matenti ndi majekete a pa kaunjika.

Yankho lakale kwambiri lili pa thanthwe la Fingira, chakumwera kwa Nyika yomweyi. Pali phanga lomwe akatswiri ofukula zakale anakumba m'zaka za m'ma 1960 n'kupezamo zida zamiyala ndi mafupa a anthu. Mu 2017 asayansi atayeza DNA ya ena mwa mafupawo anapeza kuti alipo a zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Anali alenje ndi otola zipatso, ofanana ndi aja nthano zathu zimawatcha Akafula. Mvula yomwe inkandiliza ine ndi tochi m'manja, iwo ankaipirira ndi chikopa ndi moto wa pakhomo pa phanga. Anadziwa kusankha malo pomwe thanthwe limatchinga mphepo. Ife tinakhoma tenti pamtetete chifukwa ndinkafuna chithunzi chabwino cha m'mawa.

Pambuyo pake kunabwera alimi ndi osula zitsulo. Aphoka, omwe ndi nthambi ya Atumbuka, anakhala m'mapiri ndi m'zigwa za m'mbali mwa Nyika, ndipo zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo zikupezekabe m'derali. Angoni atafika kumpoto cha m'ma 1850, mapiriwa anasanduka pothawira. Munthu sasankha kukhala pamalo ozizira chonchi pongofuna kuona maluwa. Kumusi ku Nkhamanga ndi ku Henga kunali nthaka yabwino ndi dzuwa, komanso kunali mikondo. Pa mathithi a Manchewe, pafupi ndi Livingstonia, mpaka lero amakuonetsa phanga la kuseri kwa madzi momwe anthu ankabisala. Tangoganizani kugona mmenemo ndi khanda, madzi akuwaza usiku wonse, ukuopa ngakhale kukoleza moto kuti utsi ungakuulule.

Cha m'ma 10 koloko usiku, bambo aja anagogoda pa tenti ndi chala.

"Achimwene, mwagona?"

"Ayi adada, kukuzizira."

Anaseka. "Kukuzizima chomene. Vulani zonyowazo, bwerani kumoto."

Anali atakoleza moto m'mphepete mwa kankhalango, pomwe ine ndinkaona ngati nkhuni zonse zanyowa. Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri m'kapu yapulasitiki, n'kundiuza kuti ndiyale udzu wouma pansi pa mkeka chifukwa chisanu choopsa chimachokera pansi. Ndinachita manyazi. Digiri yanga yonse ija, koma wondipulumutsa anali munthu amene masana onse ndinkangomuona ngati katundu woyenda.

Manyazi amenewo ndi amene anandikumbutsa mmene mbiri ya Nyika imalembedwera. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha Khondowe kukhala malo atsopano a mishoni ya Livingstonia, atathawa malungo a ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Dzina lake tonse timalidziwa, ndipo nyumba yake yamiyala ikadalipo. Koma zipangizo zomangira, mabuku ndi makina zinkakwera phiri lija kuchokera kunyanja pamitu ya anthu, ndipo msewu wa Gorodi ndi makona ake 20 aja unakumbidwa ndi manja. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna ambirimbiri a Nyasaland anagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali olowera ku German East Africa, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda, njala ndi chisanu. Mayina awo sitiwaloweza kusukulu.

Mu 1949 kunabwera Laurens van der Post, wotumidwa ndi a ku Britain kuti akaone ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angapindulitse. Pa Mulanje, mzungu wina wa zankhalango amene ankayenda naye anakokoloka ndi mtsinje wodzaza ndi mvula n'kumwalira. Van der Post anapitiriza ulendo mpaka pa Nyika, ndipo buku lake, Venture to the Interior, lomwe linatuluka mu 1952, linamutchukitsa. Anayenda ndi gulu la onyamula katundu. Iye akalowa m'tenti kukalemba, iwo ankagona pati? Anafunda chiyani? M'zaka za m'ma 1950 pa Chelinda panadzalidwa mitengo ya paini yoyesera bizinesi ya matabwa, koma kutalika kwa malowo ndi kuipa kwa misewu kunaigwetsa mphwayi. Nkhalango ya paini imene alendo amaijambula lero ndi chotsalira cha maloto amenewo.

Mu 1965, chaka chimodzi chitapita chilandirire ufulu, Nyika inakhala paki yoyamba ya dziko lino. Mu 1978 boma linaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo midzi yomwe inapezeka mkati mwa malire atsopano inasamutsidwa. Apa m'pamene nkhani imandivuta. Popanda paki, mwina mbidzi, mphalapala ndi ntchefu zomwe tinaziona masana aja bwenzi kulibe, ndipo mitsinje ngati North Rumphi ndi North Rukuru, yomwe imayambira pamwambapa, bwenzi ikuvutika ngati ina yambiri m'dziko muno. Ndimaikonda Nyika mmene ililimu, yopanda malata ndi utsi wa makala. Koma bata limeneli lilipo chifukwa anthu ena anachotsedwa.

M'mawa kutacha, nkhungu itang'ambika, bambo aja analoza chigwa china chakutali.

"Agogo anga anabadwira uko. Manda aliko."

"Mumapitako?"

"Ndi chilolezo," anatero, akumanga mapoto.

Sanadandaule, ndipo ine sindinafunsenso. Ndinangoona kuti njira yomwe ine ndinalipira kuti ndiyendemo, iwo amayendamo ngati antchito, pamalo pomwe agogo awo ankayenda ngati eni ake.

Tsiku lachiwiri tinatsika kwambiri mpaka maondo kunjenjemera. Udzu waufupi unatha, kunayamba mitengo, kenako minda ya khofi ndi nthochi cha ku Chakaka, ana akutikuwira "Monire!" Bulangete lija linauma lili pamsana. Tsiku lachitatu tinalowa mu Livingstonia, tchalitchi chikuoneka patali, netiweki n'kubwerera, foni n'kuyamba kulira ngati yapenga.

Anzanga ambiri akamva za kugona kutchire amati ndi zachizungu, eti munthu wanzeru angasiye bedi kukafuna chibayo. Ndimawamvetsa. Koma anthu akhala akugona pamapiri amenewa kwa zaka zikwi, ena posaka, ena pothawa nkhondo, ena atasenza katundu wa eni ake. Chachilendo n'chakuti ife tikhoza kupitako mwa kufuna kwathu, n'kubwerako tikatopa.

Mukadzapita, bulangete muliike m'jumbo ziwiri mkati mwa chikwama. Jini musiye kunyumba, mutenge juzi yaubweya ndi masokosi ouma ogonera okha. Ndipo amene wakusenzerani tenti mumufunse dzina lake ndi kwawo tsiku loyamba lomwelo. Ine ndinafunsa usiku, nditagwira kale kapu yawo ya tiyi.